Kapitawo amene sankatchula dzina

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene anakwezedwa kukhala kapitawo wa osankha fodya pa esiteti ina cha ku Kasungu. Sanali munthu woipa. Ndikunena zimenezi poyambirira penipeni, kuti pasapezeke wina woganiza kuti fanizoli ndi la akapitawo ankhanza aja, okalipa ngati alumidwa ndi mavu, n'kudzichotsamo yekha. Ayi. Yotamu anali wofatsa, wolimbikira ntchito, ndipo ankalemekeza akuluakulu monga momwe anamulerera amayi ake. Mukanamuona mukanamukonda.

Ntchito ya m'shedi yake inali yosankha masamba. Fodya akauma m'zigafa amabwera naye ku shedi, ndipo osankha amakhala m'mizere, aliyense ndi mulu wake patsogolo. Tsamba lililonse amalitambasula n'kuliyang'ana: lofiirira uku, loyererako uku, lobiriwira apo, la nkhungu kutali. Masamba ofanana amawamanga m'timitolo totchedwa ndindi, ndipo ndindizo amakazidinda pa jeke kuti zikhale mabelo opita ku okushoni. Ogula kumeneko akang'amba belo n'kupeza mitundu yosakanizika, amalibweza. Choncho ntchito imeneyi ndi ya maso.

M'shedimo munali mkulu wina, a Zalimba, amene anayamba kusankha fodya Yotamu asanabadwe. Iwowo ndiwo anamuphunzitsa ntchito. Yotamu anafika pa esitetiyo asakudziwa ngakhale kusiyanitsa tsamba la m'munsi ndi la kunsonga, ndipo a Zalimba anamukhazika pambali pawo n'kumamugwira dzanja pomuonetsa. Asanapatsidwe nyumba kukomboni, kumene kumakhala antchito, ankagona kwa iwo. Atapeza mbeta analibe mbale pafupi womuimira, ndipo a Zalimba anavala jekete lawo n'kukakhala nkhoswe yake. Ngakhale ukapitawo umenewu, mwini esiteti anayamba wafunsa iwo. Iwo anati ine ndakula, tengani mwana uyu, maso ake ndi akuthwa. Kuyambira tsiku limenelo, pagulu ankamutchula kuti a kapitawo, n'cholinga choti enawo atengerepo.

Nyengo yosankha itangoyamba, Yotamu akutolera ndindi, anapeza tsamba lobiriwira pakati pa ofiirira mu mulu wa a Zalimba. Anati mumtima, dzanja limaterereka, n'kulisolola mwakachetechete. M'mawa mwake anapeza ambiri. Ndiye anayamba kuwayang'anitsitsa cham'mbali. Anaona kuti mkuluyo akatenga tsamba amaliyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, amalipendeketsa cha kukhomo kolowera kuwala, amaphethira, kenako amaliika mongolota. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala.

Apa ndi pamene akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Yotamu anaganiza zopita kwa mkuluyo, koma pakamwa panamulemera. Mwana angauze bwanji bambo ake kuti ntchito yawakanika? Munthu amene anakudyetsa, amene amadziwa ndi milandu ya m'nyumba mwako yomwe, ungamuyambe ndi mawu ati? Anaganiza zouza bwana, koma anaopa kuti bwanayo angowaonetsa njira ya kwawo. Ine ndimamumvera chisoni Yotamu pamenepa, ndipo inunso mumumvere, chifukwa zonse zimene anachita kuchokera apa anazichita chifukwa chokonda mkuluyo.

Poyamba anayesa njira zozungulira. Anawasamutsira pafupi ndi khomo, ati kuti aziothera kadzuwa poti kwayamba kuzizira. Sizinathandize. Tsiku la msika anagula magalasi aja ogulitsidwa pamphasa pamodzi ndi zipeso, n'kuwapatsa ngati mphatso chabe, amvekere ndinangowaona ndiye ndinakukumbukirani. A Zalimba anathokoza kwambiri. Anawavala Lamulungu popita kutchalitchi, kenako anawasunga mu sutikesi kuti asakandike.

Zitakanika zimenezo, Yotamu analamula kuti ndindi za a Zalimba asamanyamule wina aliyense koma iye. Anati si ulemu kuti munthu wamkulu azidzukadzuka, kapena kuti ana azimuchotsera zinthu patsogolo. Anthu anamuyamikira, amvekere mwana uyu ngwoleredwa. Koma ndindizo sankapita nazo ku jeke. Ankazibisa kuseri kwa mabelo, ndipo masana anzake akapita kokadya, iye ankakhala pamenepo kumasula ndindi imodziimodzi, kusankhanso, kumanganso. Mbatata imene mkazi wake ankamuphikira ankaidya chiimire, nthawi zina inkabwerera kunyumba osaikhudza. Mkaziyo atafunsa chimene chikumuwondetsa, iye anati ndi ukapitawo.

Zinayenda choncho fodya ali wochepa. Koma pakati pa nyengo zigafa zonse zinakhuthulira fodya m'shedi nthawi imodzi, ndipo nthawi yodyera sikanakwanira kubwereza ntchito ya munthu ya tsiku lonse. Ndindi zina zinadutsa osaziona. Posakhalitsa lole imene inapita ku okushoni inabwerako ndi mabelo obwezedwa. Bwana anaitana Yotamu n'kumuonetsa belo long'ambidwa, masamba ena ali biriwiri pakati pa ofiirira. Sanachulutse mawu. Anangomuuza kuti akonze shedi yake.

M'mawa mwake anthu asanayambe ntchito, Yotamu anaimirira patsogolo, nakonza kukhosi.

"Anzanga, ena mwa ife akusakaniza fodya. Ine sinditchula dzina. Mwini wake akudzidziwa, ndipo asinthe."

Ponena zimenezi maso ake anali kudenga, ngati kuti wosakanizayo wabisala m'malata.

Mawu amenewo mukuwadziwa. Munawamvapo kuntchito, munawamvapo kumpingo, ndipo ena a inu mwawaloweza kale kuti mukawanene Lolemba. Amakoma m'kamwa mwa wonena, chifukwa amapita kunyumba akumva ngati wagwira ntchito yake, pamene sanayang'ane munthu aliyense m'maso. Yotamu atakhala pansi, a Zalimba anaimirira kuti amuthandize. Anadzudzula achinyamata chifukwa chosankha fodya uku akucheza, ndipo anawauza kuti azimvera a kapitawo. Ankanena kuchokera pansi pa mtima. Yotamu anangoti zikomo bambo, mutu uli pansi.

Mabelo atabwezedwanso, iye ananenanso mawu omwe aja, mokweza pang'ono. Ndipo m'shedi munasintha. Amene ankasankha bwino anayamba kunyinyirika, amvekere nanga ife tikukalipiridwa chiyani. Nyimbo zimene amayi ankaimba posankha zinatha. Aliyense anayamba kusuzumira pa mulu wa mnzake. Pajatu anthu sakhalitsa ndi mlandu wopanda mwini. Kapitawo akakana kutchula dzina, iwo amalifunafuna okha. Ndipo polifunapo sayang'ana ndindi, amayang'ana munthu amene angamuloze chala popanda wowabwezera. A Zalimba panalibe ndi mmodzi yemwe anawaganizira, poti ambiri m'shedimo anaphunzira kwa iwo. Enawo anali pachibale, uyu mlamu wa uyu, uyo mphwake wa uyo, moti ukaloza mmodzi waputa mudzi wonse. Panatsala munthu mmodzi.

Ameneyo anali Namakhwa, mayi wa ku Phalombe. Anabwera kuno ndi mwamuna wake amene ankalima fodya ngati tenanti, ndipo mwamunayo atamwalira, iye anatsala ndi ana awiri aang'ono. Kwawo analibe munda woti n'kubwererako. Anapempha malo m'shedi, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inkamupatsa ufa ndi kanyumba ka kukomboni. Anali wosalankhulalankhula, wa dzanja lachangu. Yotamu, amene ankaona ndindi za aliyense, ankadziwa kuti za Namakhwa zinali zina mwa zabwino kwambiri m'shedi yonse. Koma changu chomwecho n'chimene chinamupweteka. Anthu anati munthu sangafulumire choncho n'kumasankha bwino. Wina anati kwawoko ndi kwa tiyi, za fodya angazidziwire kuti, ngati kuti ku Phalombe sikulimidwa fodya.

Poyamba anangosiya kumuitana akamagawana thobwa masana. Kenako amene ankakhala pafupi naye anasuntha matumba awo okhalira, pakati n'kutsala mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Kumjigo ndowa yake inkapezeka kumapeto kwa mzere ngakhale atalawirira. Mwana wake wamkulu anabwera tsiku lina akulira, anzake atamuuza kuti amake ndi amene akufuna kutseketsa esiteti. Yotamu zonsezi ankaziona. Zinkamupweteka ndithu, koma ankadziuza kuti nyengo ikatha anthu aiwala.

Tsiku lina poweruka, Namakhwa anamudikira pakhomo la shedi. Onse atapita, anagwada.

"A kapitawo, ndikupempha mumasule ndindi zanga pamaso pa anthu onse. Mukapezamo tsamba losokera, ndichoka ndekha."

Linali pempho loyenera, ndiponso losavuta. Koma Yotamu anaona patali. Akamuyeretsa mayiyu pagulu, anthu afunsa kuti nanga ndi ndani, ndipo afuna kuti ndindi za aliyense zimasulidwe, kuphatikizapo zija za kuseri kwa mabelo. Ndiye anamudzutsa mwaulemu n'kumuuza kuti asadandaule, palibe amene wamutchula dzina, zonsezi zitha. Namakhwa anathokoza n'kumapita. Yotamu anaganiza kuti wamutonthoza.

Madzulo ake anaululira mkazi wake zonse, poti zinali zitamukwana. Mkaziyo sanazungulire. Anati a Zalimba ndi bambo athu, inde, koma mayi uja nayenso ndi munthu, ndipo ana ake amadya ngati athu omwe. Anamuuza kuti apite kwa mkuluyo akawauze zoona. Yotamu anavomera kuti apita, koma akudikira tsiku labwino.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mabelo anabwezedwanso, ndipo ulendo uno bwana anamuitanira pakhonde la ofesi, dalaivala wa lole ali pomwepo. Bwanayo anati wamva kuti wowononga fodya ndi mayi wa ku Phalombe uja, ndipo anafunsa ngati zinali zoona. Yotamu akanangoti ayi. Ndi liwu lalifupi, ndipo linali loona. M'malo mwake anakanda m'mutu, nati afufuze kaye. Bwana anati pofika Loweruka akufuna dzina, ndipo mwini dzinalo achoke m'shedi ndi m'nyumba ya esiteti momwe. Dalaivala uja sanazisunge m'mimba. Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali itamva kuti bwana watchula Namakhwa ndipo kapitawo sanakane.

Sabata imeneyo Yotamu sanali munthu. Kangapo konse ananyamuka kulunjika kwa a Zalimba, n'kukathera kugolosale kogula machesi omwe kunyumba analipo kale. Ankati lero mkuluyo watopa, ndipita mawa. Zengerezu adalinda kwaukwau. Lachisanu ataweruka anaona kuti mawa onse amuthera, ndipo anapita.

Anawapeza pakhonde akuothera dzuwa la madzulo. Anavula chipewa, nakana mpando umene anamupatsa, n'kukhala pansi. Anayamba ndi za kuzizira. Anafunsa za nkhuku, ngati chitopa chafika kuno. Anafunsa za mwana wawo wa kutauni. Mkuluyo anayankha zonse modekha, kenako anati:

"Yotamu, sunabwerere nkhuku. Nena."

Yotamu anayang'ana pansi, nati:

"Bambo, fodya akubwezedwayu ndi wa mulu wanu. Maso anu sakuonanso mtundu. Ndakhala ndikudziwa kuyambira pamene tinayamba kusankha, ndipo masana onsewa ndakhala ndikumasula ndindi zanu n'kumazisankhanso. Ndalephera kukwanitsa. Mawa achotsa Namakhwa chifukwa cha zimenezi."

Yotamu anaganiza kuti ubale watha. Koma a Zalimba atatsegula pakamwa sanafunse za maso. Anafunsa za masanawo. Anafuna kudziwa ngati ndindi zimene anamanga chaka chimenecho zinkamasulidwadi kuseri, ndi manja a mwana amene anamuphunzitsa okha. Yotamu anavomera.

"Ndiye kuti ine m'shedi muja ndimangosewera, ngati kamwana kopatsidwa kakhasu kuti kasalire," anatero mkuluyo. "Zimenezo ndiye zandipweteka. Kuti maso akufooka ndinkamva, ndi anga. Koma ndinkati Yotamu akuona ndindi zanga tsiku ndi tsiku ndipo sakunena kanthu, ndiye kuti sizinafike poipa. Ukamadzudzula shedi yonse, ine ndinkayang'ana anzanga n'kumadabwa kuti wosakanizayo ndani. Pamene anayamba kuloza mayi uja mtima unandigunda, koma ndinati akanakhala ine, kapitawo akanandiuza. Ndinkadalira iwe, mwana wanga."

Yotamu analira. Anati ankaopa kuwachititsa manyazi. Iwo anati manyazi akanakhala a tsiku limodzi, ndipo munthu safa nawo. Ananenanso kuti m'mawa apita okha ku ofesi, ndipo kushedi alankhula ndi pakamwa pawo. Anafuna kuti adzuke nthawi yomweyo akauze Namakhwa. Koma Yotamu, amene mtima wake unali utapepuka kale, anati dzuwa lalowa, si bwino amuna kukagogoda pakhomo la mayi wamasiye nthawi ngati imeneyi, anthu anganene zina. Anati amva m'mawa pamodzi ndi onse, ndiye zikoma. Mkuluyo anazengereza, koma anamumvera, poti anali kapitawo.

M'mawa wa Loweruka awiriwo anapita ku ofesi. Bwana anamvetsera, anapukusa mutu, n'kufunsa chifukwa chimene sanamuuzire kale. Sanawachotse a Zalimba. Anati zala zawo zikadali zanzeru, ndipo anawaika ku jeke kuti azikhudza fodya asanadindidwe, kuona ngati wanyowa kwambiri kapena wauma mophwanyika, ntchito yosalira maso. Ananenanso kuti lole ikamapita kutauni iwatenge akaonedwe kuchipatala, poti ng'ala madokotala amachotsa. Nkhani imene Yotamu anaisenza nyengo yonse inatha tiyi wa bwana asanazizire.

Kenako a Zalimba anaimirira patsogolo pa shedi, chipewa chili kumanja, n'kunena okha kuti wosakaniza fodya anali iwo, ndipo kuti mayi amene akhala akumuloza chala analibe mlandu. Palibe anaseka. Amayi ena anagwetsa misozi, ndipo onse anatembenukira pamalo pa Namakhwa. Panali thumba lake lokhalira lokha, lopindidwa bwino.

Woyandikana naye nyumba ananena kuti wanyamuka mbandakucha ndi ana ake, atasesa m'nyumba n'kusiya kiyi pachitseko. Sanafune kudikira kuti amuchotse pagulu ana ake akuona.

Yotamu anabwereka njinga n'kupalasa ndi mphamvu zake zonse mpaka kumsewu waukulu. Anamupeza pasiteji, atakhala pa mtolo wa zovala, mwana wina ali kumbuyo, wina atagwira ndowa. Anatsika panjinga thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira, n'kumufotokozera zonse: kuti a Zalimba aulula, kuti bwana wamva, kuti malo ake alipo ndi nyumba yomwe, kuti amayi a m'shedi akulira. Anamupempha kuti abwerere. Namakhwa anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa:

"A kapitawo, inu munadziwa liti kuti si ine?"

Yotamu akanatha kunama, koma kubisa kunali kutamutopetsa. Anati ankadziwa kuyambira pachiyambi.

"Ndi tsiku lija ndinakugwadirani lomwe?"

"Ndi tsiku lomwe lija, mayi."

Namakhwa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa.

"Amayi aja ndikanawakhululukira, chifukwa iwo ankaganizadi kuti ndine wolakwa. Koma inu munkadziwa, ndipo m'mawa uliwonse munkandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Ndingagwirenso bwanji ntchito pansi panu? Likadzagwa vuto lina, wopanda mbale adzakhala ine ndemwe. Zikomo poti mwabwera. Mwavutika ndi njinga."

Galimoto ya matola itafika, anakweza ana ndi mtolo uja, iyenso n'kukwera. Yotamu anathandiza kukweza ndowa. Anaima pamsewupo mpaka fumbi litatha, kenako anabwerera akukankha njinga.

Tsono inu amene mwapatsidwa anthu oti muziwayang'anira, kaya ndi m'shedi, kaya mu ofesi, kaya m'sitolo, imvani. Aliyense wa inu adzakhala ndi a Zalimba ake: amene anakuphunzitsani ntchito, amene munkadyera naye mbale imodzi musanakwezedwe, amene mumapemphera naye. Tsiku limene mudzaone cholakwa m'manja mwake, pitani tsiku lomwelo. Pitani nokha, poti bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ngati ndi wamkulu vulani chipewa, khalani pansi, zungulirani mmene mungafunire, koma musadzuke musananene. Musamugwirire ntchito mobisa, chifukwa kumeneko n'kumunyoza ngakhale inu mutakutcha ulemu. Ndipo munthu akamanamiziridwa inu mukudziwa kuti ngwosalakwa, nenani pomwepo kuti si ameneyu. Zinazo mudzaziona pambuyo.

Koma makamaka mawu aja akuti ena mwa ife, asiyeni. Wolakwa sawamva, chifukwa amati akanakhala iye mukanamuuza. Musanawanene, yang'anani kaye anthu anu, mupeze amene ali yekhayekha pakati pawo, wobwera, wopanda womulankhulira. Mumuyang'anitsitse ameneyo. Mukakana kutchula dzina, mwatchula lake.